Kuseri kwa Chinsalu cha a Eneya

A Eneya Naphiyo anali wojambula zithunzi. Osati wa m'nyumba yamagetsi ayi, magetsiwo akanawaona kuti? Awa anali a panjinga: kamera pakhosi, chikwama pakaliyala, ndi nsungwi ziwiri zazitali zomangirira m'mbali mwa njingayo, moti akamadutsa m'tinjira ta kumunsi kwa phiri la Michesi, amayi osenza nkhuni ankachita kupatukira m'nandolo uku akuwanyoza. Kwawo kwenikweni kunali kwa Nazombe. Ku Michesi anapitako ndi ukwati, mkamwini m'mudzi wa Nakhonyo, kumene anakwatira Felista, mkazi wapakamwa koma wamanja olimba. Anabereka naye mwana mmodzi yekha, Lenia.

Nsungwi zija zinali zoimikira chinsalu. Ha, chinsalu chimenecho! Anakachilembetsa ku Limbe kwa munthu wina wopenta zikwangwani za masitolo, ndipo munthuyo utoto sanaumire. Panali nyumba zosanja mpaka kusowa pothera, msewu watala wonyezimira, galimoto yofiira, ndi ndege ikudutsa pamwamba. Kuti ndi tauni yanji, palibe amene ankadziwa. Ena ankati ndi Joni, ena ankati ndi Halale, ndipo a Eneya eni ake ukawafunsa ankangoti, "Ndi kumene mukufuna kupitako."

Musawaweruze msanga, anthu ndiwo ankachifuna. Chithunzi masiku amenewo sichinali chosunga m'nyumba chabe. Chinkatumizidwa kwa achimwene aku Bangwe, kwa amalume othyola tiyi ku Thyolo, kwa mnyamata amene akulonjeza ukwati koma akuzengereza. Nanga ndani angafune kuti abale ake akutali aone denga laudzu, nkhokwe yopendekeka, ndi mbuzi ikunyambita mtondo? Munthu ankasamba, n'kudzola, n'kubwereka nsapato kwa neba, wotchi kwa aphunzitsi, wailesi kwa aliyense amene anali nayo ngakhale yopanda mabatire, n'kukaima patsogolo pa chinsalucho nkhope ili gwa ngati akumuyeza chifuwa kuchipatala.

Ndiye a Eneya pantchito yawo anali a nkhanza. Kaudzu kamodzi kadenga kasuzumire m'mphepete, ayi. Nkhuku idutse kumapazi, ayi. Phiri, chiphiri chonse chija chimene munthu sungachibise, iwo ankachibisa. Ankayandikira ndi kamera mpaka chinsalu chitadzaza diso lonse, pamwamba, pansi ndi m'mbali. Mphepo ikapeputsa ngodya ya chinsalucho, mudzi n'kuonekera pang'ono, chithunzicho ankaching'amba akangochiona, kafilimu kake n'kukadula n'kukaponya pamoto, munthuyo n'kumujambulanso mwaulere. Ankanyadira kwambiri zimenezi. Ankati ojambula ena aja ndi ongotola zinyalala.

Felista yekha ndiye sankagwa nazo. "Inu bambo a Lenia," ankatero akupeta pakhonde, "nyumbayi munaumba njerwa nokha, kufolera nokha. Lero mukuichitira manyazi? Tatijambulani pomwe pano, ine ndi mwanayu, ndi mpapaya wathuwu."

"Ntchito yanga musandiphunzitse," ankayankha choncho. "Ine ndimakuphunzitsani kuphika kalongonda?"

Ankaseka onse awiri, nkhani n'kuthera pomwepo.

M'mwezi wa Malichi chaka cha 1991 mvula inakakamira osakata. Filimu itadzaza, a Eneya anasiya chinsalu ndi nsungwi kunyumba, n'kukwera basi kupita ku Limbe kukatsukitsa zithunzi, poti kuno kunalibe makina otsukira. Uthenga unawapeza komweko, pawailesi ya munthu wogulitsa nthochi padepoti: napolo wadutsa ku Phalombe. Anabwerera ndi galimoto mpaka pomwe msewu unadukira, kotsalako anayenda wapansi, matope m'maondo. Atafika pamene panayenera kukhala mudzi wa Nakhonyo anaima, n'kucheuka, poganiza kuti asokera. Panali miyala ikuluikulu ngati nyumba, zipika zamitengo zosendeka makungwa, ndi matope ofiira osalala bwino, aatali kuposa madenga amene anali pamenepo. Mpapaya kunalibe. Nkhokwe kunalibe. Felista, Lenia, apongozi awo, alamu awo ndi ana a alamuwo, onse anali pansi pamenepo, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anapezeka.

M'chikwama mwawo munali zithunzi zongotsukidwa kumene, zonunkhira mankhwala. Anthu a m'mudzimo anali mmenemo, atavala nsapato zobwereka. Lenia analimo, atagwira dzanja la mayi ake, ndege ikudutsa pamwamba pa mitu yawo.

Masiku otsatirawo kunabwera ojambula enieni, a nyuzipepala, a makamera aatali ngati mkono. Ena ankajambula ali m'ndege. A Eneya sanajambule ngakhale mwala umodzi, manja ankakana. Koma zithunzi za alendowo zinayenda dziko lonse, ndipo kuyambira pamenepo Phalombe anasanduka miyala m'maso mwa anthu. Ukanena ku Lilongwe kuti kwanu ndi ku Phalombe, ankati, "Kwa napolo kuja?" n'kukuyang'ana mwachisoni ngati wodwala. Zoti kunali minda ya nandolo, magule a tchopa, maukwati, ndewu zapamowa ngati kwina kulikonse, zimenezo palibe anazijambula, choncho zinakhala ngati kunalibe.

Opulumuka a m'mudzimo anasamukira kumunsi, kutali ndi khwawa. A Eneya anasowa kolowera. Mwambo wake ndi woti mkamwini akaferedwa mkazi, akuchikazi amamusudzula, n'kubwerera kwawo mtima uli m'malo. Nanga iwo akanawasudzula ndani? Owasudzulawo anali pansi pa miyala. Abale awo a kwa Nazombe anabwera kudzawatenga, iwo anakana. Anapeza kachipinda kalendi pamsika, n'kumajambula ana asukulu zithunzi za mayeso, za mutu ndi mapewa, kumbuyo kuli khoma loyera. Sanalembetsenso chinsalu china. Sanakwatirenso. Kuseka ankaseka ndithu akakumana ndi anthu, koma kunali kuseka kwa pamano.

Chimene chinawasunga ndi malo aja. Pamene panali nyumba yawo ankapadziwa mwa njira yawoyawo: ukaima pakhomo pawo kale, mng'alu wina wa m'thanthwe la phirilo unkaoneka ndendende pamwamba pa mtengo wa mbawa umene unali kutsidya, ndipo mbawayo inapulumuka. Anapafunafuna mpaka mng'alu ndi mtengo zitalunjikana, n'kuzikapo mtanda wamitengo. Chiswe chikadya, ankazika wina. Otola nkhuni akazula, ankazika wina. Lamulungu lililonse akaweruka kutchalitchi ankapita kukazula thengo, n'kukhala pamwala, n'kumauza Felista nkhani zapamsika, amene wakwatiwa, amene wathawidwa, mtengo wa sopo. Kwa iwo amenewo ndiwo anali manda, ndipo ankangofuna chinthu chimodzi pamoyo wawo wotsala: kuti pamalopo pasiyidwe, anthu awo agone.

Kenaka kunabwera matipate, ndipo mu 1998 Phalombe anapatulidwa ku Mulanje n'kukhala boma palokha. Abale inu, mmene malo anasinthira! Kunafika anthu apantchito ochokera ku Rumphi, ku Dedza, ku Mangochi, aliyense akufuna nyumba yamalata yokhala ndi chimbudzi chabwino. Magolosale anamera ngati bowa. Pomwe panali tchire panaoneka uvuni wanjerwa. Miyala ija ya napolo, imene anthu ankaopa ngakhale kuiloza, inapeza ntchito: amuna ndi akazi anakhala pansi ndi hamala, kuiwotcha ndi matayala, kuiphwanya, n'kumagulitsa kwa omanga. Njala ilibe manyazi. Pang'ono ndi pang'ono chigwa chija chinayera, n'kutsala malo athyathyathya amchenga, okongola kwa munthu amene sakudziwa.

Tsiku lina a Eneya anapeza zikhomo zachitsulo zopaka utoto wofiira zitazungulira mtanda wawo. Pafupi pomwepo mnyamata wina wamagalasi anali atayala mapepala pamwala, akuwapsinja ndi timiyala kuopa mphepo. Dzina lake anali Chiukepo, wakumpoto, wantchito wa kampani ina yoyeza malo. Anamulemba ganyu a Wilson, wamalonda ogula nandolo amene ankafuna kumangapo nyumba yogona alendo. Malowo a Wilson anawapeza kwa mphwake wa apongozi a a Eneya, munthu wokulira ku Blantyre, amene m'mudzimo ankangobwera pamaliro.

"Achimwene," anatero a Eneya atapereka moni, "zitsulo zanuzi mwakhoma pamutu pa anthu."

Chiukepo sanali wamwano. Anavula magalasi, n'kuwamvetsera mpaka anamaliza. Kenaka anawaitana kuti aone. Pepala loyamba linali mapu akale, a nthawi ya atsamunda: mizere yokhotakhota yosonyeza phiri, kamzere kabuluu ka mtsinje, basi. Olemba mapuwo anaika mishoni, anaika msewu, koma midzi ya anthu obwera kuchokera ku Mozambiki, yomangidwa ndi udzu, sanaione ngati chinthu choti n'kutayirapo inki. Pepala lachiwiri linali chithunzi chojambulidwa m'ndege napolo atangodutsa. Miyala, matope, miyala.

"Mwaona, bambo?" anatero Chiukepo. "Apa palibe kanthu, apanso palibe kanthu. Ine kuno ndinakudziwira pazithunzi zimenezi. Ndinkayesa pano ndi pakhwawa chiyambire."

"Pakhwawa? Pamene ndinkagona ine ndi mkazi wanga?"

"Sindikukutsutsani. Koma mtanda, pepani, aliyense angazike. Akamva kuti malo agulidwa, ambiri amachita zimenezo. Manda enieni ife timawalambalala, ndipo a Wilson sangakane ndikawaonetsa. Chofunika ndi umboni. Mukandipezera chithunzi chimodzi chokha, chooneka nyumba ndi phirili kumbuyo kwake, ine ndingathe kuyeza n'kunena kuti inali apa. Mwati ntchito yanu ndi yotani?"

"Ndine wojambula."

"Aa, ndiye nkhani yatha!" anaseka Chiukepo. "Mwandivutitsiranji?"

A Eneya anapalasa njinga kubwerera kumsika ngati mnyamata. Zoonadi, mudzi wonse uja anaujambula okha, khomo ndi khomo, chaka ndi chaka! Anafika m'kachipinda kawo, n'kukhuthulira pamphasa zithunzi zija za m'chikwama, n'kuyamba kuziyala. Chisangalalo chinawathera asanafike pakati. Ankadziwa bwino kuti ichi anajambulira pabwalo pa apongozi, ichi kuseri kwa khola la alamu, ichi cha Lenia pakhomo pawo penipeni, mpapaya uli kudzanja lamanja, phiri lili kumbuyo. Ankaziona zonsezo m'mutu mwawo. Koma papepala panali nyumba zosanja, galimoto yofiira ndi ndege. Anatenga mafilimu ake, n'kutuluka nawo panja, n'kumawayang'ana padzuwa limodzi ndi limodzi, kufunafuna m'mphepete. Chinsalu chinadzaza ponseponse. Ntchito inali yaukhondo, yosapezeka chilema.

Sanagonje. Zithunzi zambiri za m'mudzimo zinapulumuka chifukwa zinatumizidwa kutali, choncho anayamba kuzilondola. Anapita ku Bangwe, anapita m'makomboni a minda ya tiyi, anapita kwa Nazombe, kugogoda m'makomo mwa abale a anthu akufa. Ankawalandira bwino, kuwayalira mphasa, kutsegula masutikesi ndi Mabaibulo. Amayi ankalira akaona nkhope za ana awo. A Eneya nkhopezo sankaziyang'ana n'komwe, maso awo ankathamangira kungodya, kufuna kaudzu kamodzi, mwendo wa nkhuku, kachidutswa ka thanthwe. Ankapemphera kuti mwina tsiku lina analedzera, kapena anatopa, kapena mphepo inawapusitsa. Ayi ndithu. Munthu uja sanalakwitsepo.

Pomaliza anapita kwa a Ida, amene kale anali neba wawo. Iwowa anapulumuka chifukwa m'mawa wa tsikulo analawirira kuchigayo, koma amuna awo ndi ana awiri anatsala. Anatulutsa zawo zimene anatolera kwa abale, ndipo zinali zomwezo.

"Bambo a Lenia," anatero a Ida, poti iwo okha ndiwo ankawaitanabe choncho, "mukudziwa zimene akunena ana a masiku ano? Mdzukulu wanga wina anatenga chithunzi ichi kupita nacho kusukulu. Anzake onse akhulupirira kuti kale kuno kunali tauni yaikulu, ya nyumba zosanja ndi ndege, ndiye napolo anakokolola. Ndikawauza kuti chinali chinsalu, akuti agogo mwakalamba, mwaiwala. Akuti chithunzi sichinama."

Anaseka a Ida, kuseka kowawa, misozi ikutsika.

"Tiyeni mukanene ndi pakamwa," a Eneya anawapempha. "Inu, ndi ena amene mulipo. Mukaloze."

Anapitadi, a Ida ndi azibambo awiri a m'mudzi wakale uja, ndipo Chiukepo anabwera ndi chingwe chake choyezera. Koma zaka zinali zitapita, khwawa linasintha njira, miyala imene ena ankaikumbukira inali itaphwanyidwa kale. A Ida analoza kumtunda. Bambo wina analoza kumunsi, n'kulumbira pali Mulungu. Winayo anati onse akunama, nyumba ya Felista inali kutsidya. Anayamba kukangana, kukumbutsana za malire a minda imene kulibenso, mpaka a Ida anakhala pansi n'kufunda chitenje kumutu. A Eneya anafotokoza za mng'alu ndi mbawa. Chiukepo anaima pamtandapo, n'kuona kuti zikulunjikanadi, kenaka anayenda chobwerera m'mbuyo mtunda ndithu, n'kuwaitana.

"Taimani apa, bambo. Mukuona? Apanso zikulunjikana. Mzere wonsewu, kuchokera uko mpaka uko, zikulunjikana. Nyumba yanu inali pamzerewu, ndikuvomera. Koma pati?"

A Eneya anayang'ana mng'alu uja, n'kuyang'ana mtengo. Zinali zoona. Zaka zonsezo sanaganizepo zimenezo. Komabe anabwerera pamtanda wawo n'kuponda pansi ndi phazi. "Ndi pano," anatero. "Mtima wanga ukudziwa."

Anamuonetsanso Chiukepo zithunzi zija, poti ndi zimene iye anapempha. Chiukepo atangoona choyamba kuseka kunamupulumuka mkamwa, "Koma apa ndi ku Joni, bambo!" Ataona nkhope yawo anasiya. Anayang'ana cha Lenia nthawi yaitali, n'kuchibweza ndi manja awiri.

"Ndikalemba pamapu chinthu chimene sindingachionetse, andichotsa ntchito, ndipo wobwera pambuyo panga adzafufuta. Pepani kwambiri."

A Eneya anayesa kwa mphwake wa apongozi uja, tsiku limene anabwera kudzasainira. Ameneyo sanataye nthawi. "Inu alamu, tikulemekezeni. Munabwera kuno ndi chikwama. Mkazi anamwalira, mwana anamwalira, chimene mukudikira n'chiyani? Malo ndi a mbumba yathu. Mkamwini ayamba liti kuloza malire?" Mawu amenewo anawalasa a Eneya kuposa onse, chifukwa pamwambo mnyamatayo sankanama.

A Wilson anali munthu wonenepa, waulemu wapamalonda. A Eneya atapita kwa iwo, anawapatsa mpando, n'kuwaitanitsira chakumwa chozizira. "Madala, ine ndagula mchenga ndi miyala, ndipo mapepala akutero. Chigwa chonsechi chili ndi anthu pansi, tonse tikudziwa. Ndiye boma lisakule? Tonsefe tizikhala m'phiri? Akufa anapita, Mulungu akuwadziwa pomwe ali." Anawauza kuti mtandawo akhoza kuusamutsira kumpanda, palibe angawaletse. Chakumwa chija a Eneya anachisiya chosatsegula.

Patapita milungu ingapo, amisiri anafika n'kumanga zingwe zoyera zosonyeza mokumba maziko. Kapitawo wawo, a Davison, anaima pamulu wamchenga kulemba anthu aganyu. Pamzere wa anyamata amatupi ngati ng'ombe panaima mdala waimvi, atavala malaya akale, kamera atasiya kunyumba.

"A Naphiyo, mwasokera? Kujambula ndi tsiku lotsegulira," anatero a Davison.

"Ndabwera kudzakumba."

Anyamata anaseka. Wina anati piki iwagwetsa chagada, wina anati abwere ndi bokosi lawo lomwe. A Davison anali mwana wa konkuno ndipo nkhani ankaidziwa. Anakanda m'mutu, n'kuwapatsa piki ndi fosholo. A Eneya anapempha chinthu chimodzi, kuti awapatse ngalande imene inkadutsa pomwe panali mtanda. Anawapatsa.

Maganizo awo anali osavuta. Ngati pepala lakana, nthaka inene yokha. Fupa limodzi, mkanda umodzi wa Felista, phale la mphika, chilichonse, ndiye kuti ntchito iima, anthu abwera, ndipo palibe anganenenso kuti pano panali pakhwawa. Ndipo ngati china chake chituluke, chituluke m'manja mwawo, osati pansonga ya piki ya mnyamata woimba nyimbo zachabechabe.

Ankakumba ngati munthu wofukula chinangwa choopa kuthyoka. Akatema kamodzi ankagwada, n'kufwanyula dothi ndi zala, kulipukusa, kuliyang'ana, kenaka n'kuliponya kunja. Anzawo anamaliza ngalande zawo n'kuyamba zina, iwo akadali pomwepo. Zikhatho zinatuluka matuza, matuzawo anaphulika, mpini unada ndi magazi. Chimene ankapeza ndi mchenga, timiyala tosalala ta mumtsinje, ndi mizu. A Davison ankadutsa, kuyang'ana, n'kupitirira.

Tsiku lothira konkire ngalande yawo inali itafika m'chiuno. Kapitawo anabwera ndi ndodo yake yoyezera, n'kuiimika pansi.

"Basi, madala. Pakwana."

"Pakwana bwanji? Sindinafike."

"Pulani ikuti apa. Tulukani."

Kalanga ine! Iwo anawaona matope aja ndi maso awo, anakwirira madenga. Anthu awo anali pansi kwambiri, mwina kuya kwa anthu awiri oimirirana pamapewa, ndipo nyumba ya a Wilson sinkafuna kufika kumeneko. Inkangofuna kukhala pamwamba.

Masana anyamata atapita pamthunzi kukadya makaka ndi nandolo, a Eneya anatsikiranso m'ngalandemo. Ulendo uno za kufwanyula ndi zala anazisiya. Anatema ngati wamisala, kutema, kukokolola, kutema, thukuta likulowa m'maso, mpweya ukulira m'chifuwa ngati mvukuto. Dzenje linafika pachifuwa, linafika m'khosi, mpaka mutu wawo unabisika. Ankaitana motsitsa, "Felista. Felista, ndine." Dothi linayamba kusintha mtundu, lofiira, lomata, lija la tsiku lija. Anataya piki n'kuyamba kukumba ndi manja.

Pamwamba panagwa chithunzithunzi cha munthu. Anali a Davison, ndipo kumbuyo kwawo anyamata aja anali ataima ndi mawilibala odzaza, konkire atasakaniza kale.

"A Naphiyo, mwandiwonongera maziko." Mawu awo sanali okalipa. "Khoma likadzang'aluka apa, adzamanga ine. Konkire akuuma. Tulukani, chonde."

"Pang'ono pokha, mwanawe. Dothi lasintha. Taona, lasintha!"

"Ndaona. Mungakumbe mpaka mawa, bambo, mwinanso ali uko. Tulukani."

Anyamata awiri anawagwira m'manja n'kuwakokera kunja. Panalibenso woseka. A Davison anauza mmodzi kuti akwirire dzenjelo mpaka pa muyeso, atsindire zolimba. Mnyamatayo atangotola fosholo, a Eneya anamugwira mkono.

"Siya. Ndikwirira ndekha."

Anavula chipewa n'kuchiika pambali. Anagwada m'mphepete, n'kutapa dothi ndi manja awiri, n'kuliwaza pansi pang'onopang'ono, monga amachitira mwini maliro. Anatapanso kachiwiri, ka mwana. Mmodzi mwa anyamatawo anavula kapu yake, enawo n'kutsatira, ndipo anaima ndi mawilibala awo padzuwa. Kenaka a Eneya anatenga fosholo n'kukwirira, n'kutenga chipika chotsindira, n'kutsindira, kuthira dothi lina, n'kutsindiranso. Anatsindira bwinobwino, poti sanali munthu wodziwa kugwira ntchito yosalongosoka, mpaka kapitawo anaponda ndi nsapato n'kugwedeza mutu kuti zili bwino.

Konkire anathira nthawi yomweyo, dzuwa lisanapendeke.